Kambale ka Luv' kamene kali m'sutikesi ya bambo anu musakataye

Mayi wina wandilembera imelo ali mkati molongosola katundu wa malemu bambo ake. M'sutikesi yachitsulo imene bambowo anabwera nayo kuchokera ku Joni apezamo timbale tating'ono ta galamafoni, ndipo kamodzi kalembedwa kuti Luv', nyimbo yake "You're the Greatest Lover". Mwana wawo wayang'ana pa foni n'kuwauza kuti amenewo anali atsikana atatu a ku Netherlands "ongoimikidwa kutsogolo ngati zidole, nyimbo akupanga ndi anthu ena". Ndiye mayiwo akufunsa kuti kodi zimenezi n'zoona, nanga kambaleka kali ndi ntchito kapena kangopita kudzala?

Achemwali, pepani ndi zovutazo. Za kambaleko ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndi mawu oti zidolewo, chifukwa ndi amene andikhudza. Mawu amenewa amanenedwa kwa pafupifupi gulu lililonse la atsikana loyimba, ndipo nthawi zambiri wonenayo sanaonepo ntchito imene imagwiridwa kuti nyimbo ya mphindi zitatu ituluke mu situdiyo n'kukafika m'sutikesi ya munthu wogwira ntchito mumgodi kutsidya lina la dziko.

Mbali ina mwana wanuyo wanena zoona. Luv' silinali gulu la mabwenzi amene anakulira limodzi n'kuyamba kuyimba kuseri kwa nyumba. Linachita kupangidwa. Amene anabwera ndi ganizoli ndi Hans van Hemert, pulodyusa amene anali atatchuka kale ndi Mouth & MacNeal, awiri aja amene anakhala pa nambala 3 pa mpikisano wa nyimbo wa mayiko a ku Ulaya wotchedwa Eurovision mu 1974, chaka chimene ABBA inapambana. Van Hemert anaona mmene gulu la atsikana atatu la ku Germany, Silver Convention, likugulitsira mbale za disiko, n'kuganiza zopanga lakwawo. Anagwirizana ndi Piet Souer, katswiri woyala zida m'nyimbo, ndipo anasankha atsikana atatu: José Hoebee, Marga Scheide ndi Patty Brard. Mukayang'anitsitsa kapepala kapakati pa mbale yanuyo, pansi pa dzina la nyimbo mupeza mawu oti Janschen & Janschens. Si anthu ena ayi, ndi Van Hemert ndi Souer omwewo, dzina limenelo ndi limene ankasainira nyimbo zimene alemba limodzi.

Atsikanawo aliyense anabwera ndi chake. José anali woyimba kale, ankayimba ndi abale ake nyimbo za kantire, ndipo mawu otsogolera m'nyimbo zambiri za gululi ndi ake. Marga anachokera ku ntchito yojambulitsa zithunzi zotsatsa malonda, kamera sinkamuopsa. Patty, amene anabadwira ku Sorong pachilumba cha New Guinea nthawi imene derali linali m'manja mwa Adatchi, anali ndi pakamwa pothwa ndi nthabwala, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero ndi munthu wodziwika pa wayilesi za kanema kwawoko.

Chimene anthu oti "zidole" amaiwala n'choti kupanga gulu si kupanga nyimbo yogunda. Zikanakhala choncho, singo (kambale kakang'ono ngati kanuko) iliyonse ya Luv' ikanagulidwa. Sizinatero. Yoyamba, "My Man", inatuluka mu 1977 pansi pa kampani ya Phonogram, dzina la pambale Philips. Inali nyimbo yachisoni yonena za imfa ya mwamuna wogwira ntchito kunjanji, ndipo mwatsoka inatuluka pa nthawi imene dziko lonse linali maso pa sitima ina imene achinyamata a mtundu wa ku zilumba za Maluku anailanda pafupi ndi mudzi wa De Punt ku Netherlands komweko. Anailanda pa 23 May, asilikali n'kudzaithyola pa 11 June, anthu asanu ndi atatu n'kufa. Nyimbo ya imfa ya panjanji m'masabata amenewo inali yolemera kuimva. Inakwerabe mpaka nambala 12 pa Top 40, mndandanda wa nyimbo 40 zogulidwa kwambiri. Yachiwiri, "Dream, Dream", inagwa chagada, sinalowe n'komwe mu Top 40. Pulodyusa yemweyo, atsikana omwewo, kampani yomweyo. Gulu likagwa chonchi pa singo yachiwiri, makampani ambiri amayamba kuyang'ana kumbali.

Chimene chinawapulumutsa ndi kanema. Kumayambiriro kwa 1978 bungwe loulutsa mawu la VPRO linali ndi pulogalamu yanthabwala ya Wim T. Schippers yotchedwa "Het is weer zo laat!", imene nkhani yake inkachitikira m'malo achisangalalo ongopeka otchedwa Waldolala. Ankafuna nyimbo yotsegulira, ndipo Luv' inapereka "U.O.Me". Pulogalamu ikamayamba, anthu ankaona atsikana atatu aja akuyimba. Masiku amenewo ku Netherlands kunali matchanelo awiri okha a kanema, choncho kuoneka mobwerezabwereza pa imodzi mwa iwo kunali ngati kulowa m'nyumba iliyonse. Nyimboyo inafika pa nambala 3. Apa m'pamene Van Hemert ndi Souer anamvetsa kuti gululi si la nyimbo zolira, n'lachisangalalo. Singo yotsatira anailemba akudziwa zimenezo, ndipo ndi imene muli nayo m'manjayo. Inatuluka pakati pa chaka cha 1978.

Ndifotokozeko pang'ono mmene msika wa nyimbo wa kumeneko unkayendera, chifukwa popanda zimenezi simungamvetse kuti nambala 1 inkatanthauza chiyani. Wayilesi ya nyimbo za achinyamata inali imodzi, Hilversum 3, koma sinali ya bwana mmodzi. Mabungwe osiyanasiyana, monga AVRO, TROS, VARA, KRO, NCRV ndi Veronica, ankagawana masiku ndi maola, lililonse ndi oulutsa ake ndiponso makonda ake. Kampani ya mbale inkalemba munthu wotchedwa plugger, ntchito yake kuyenda ndi singo yatsopano kukhomo ndi khomo ku Hilversum, tauni imene kunali mabungwewa, kukanyengerera oulutsawo. Ukakopa bungwe limodzi lokha, nyimbo yako imveka tsiku limodzi pa sabata basi. Nyimbo ikayamba kufunsidwa m'masitolo inkalowa kaye mu Tipparade, mndandanda wodikirira, kenako mu Top 40, imene inayambitsidwa mu 1965 ndi Radio Veronica idakali wayilesi youlutsira pa sitima ya panyanja. Top 40 ya nthawi imeneyo inkawerengera mbale zogulidwa m'masitolo. Munthu ankayenera kutulutsa ndalama m'thumba, kupita ku sitolo, n'kubwerako ndi kambale ngati kanuko. Panalinso mndandanda wina, Nationale Hitparade, ndipo pamwamba pa zonse panali TopPop, pulogalamu ya kanema ya AVRO imene ankayendetsa Ad Visser, kumene oyimba ankabwera kudzaoneka sabata ndi sabata.

Apa pali malo amene singo zambiri zabwino zinkafera. Nyimbo ikaoneka pa TopPop, mawa lake achinyamata athamangira ku sitolo. Ngati kampani inadinda mbale zochepa poopa kuluza, sitolo ilibe, wogula uja agula ina, sabata imeneyo nyimbo siikwera, oulutsa aona ngati yazilala n'kuisiya. Ngati inadinda zambirimbiri nyimbo n'kukanika, mbale zibwerera ku kampani m'makatoni. Phonogram inali ndi mwayi woti inali m'banja la Philips, fakitale yodinda mbale ili ku Baarn, pafupi pomwepo ndi Hilversum, kotero kuwonjezera mbale nyimbo ikagunda sikunkatenga nthawi.

"You're the Greatest Lover" inadutsa makwerero onsewa n'kukafika pa nambala 1 ku Netherlands ndi ku Belgium. Ndipo musaganize kuti panalibe opikisana nawo. Chaka chimenecho ndi cha "Rivers of Babylon" ya Boney M ndi nyimbo za mufilimu ya Grease, zimene zinkamanga nthenje pamwamba pa mindandanda ku Ulaya konse. Kenako inawolokera ku Germany, msika waukulu kwambiri ku Ulaya kumtunda, kudzera m'mapulogalamu a kanema monga Musikladen ndi Disco. Kumenekonso inakhala nambala 1 ndipo inalandira mbale yagolide, imene masiku amenewo inkaperekedwa singo ikagulidwa makope 500,000. Austria, Switzerland ndi Denmark nawo anailandira. Anaijambulanso m'Chisipanishi, "Eres Mi Mejor Amante". Ku Britain ndi ku America ndiye inakanika kulowa, ndipo Luv' sinagundeko kumeneko mpaka gululo linatha. Anthu ena amatenga zimenezi ngati umboni woti nyimboyo inali yachabe. Ine ndimakana. Misika iwiri imeneyo inali ndi oyimba ake ambirimbiri oyimba Chingelezi, ndipo makomo ake ankatsegukira ochepa kwambiri ochokera ku Ulaya kumtunda. London si khoti la nyimbo za dziko lonse.

Mukaiyika pa galamafoni mumvetsere mmene anaimangira. Siifika mphindi zitatu. Ilibe mawu oyamba ataliatali, imangolowa. Kayimbidwe kake kali ndi kafungo ka ku Latin America, zida zikuyankhana ndi mawu, ndipo chimene chimakakamira m'mutu ndi kolasi ya timawu topanda tanthauzo, toti mwana wa ku Hamburg, wa ku Antwerp ndi wa ku Soweto onse angayimbe osadziwa Chingelezi. Ufupi umenewu unali ndi chifukwa chake cha zipangizo. Mbale ya mainchesi 7 yozungulira maulendo 45 pa mphindi ili ndi malo ochepa. Ukaikapo nyimbo yaitali, wodula mizere amakakamizika kuithinitsa, ndipo kuti singano isadumphe amachepetsa mphamvu ya mawu ndi besi. Nyimbo yaifupi imapatsidwa mizere yotakata, imamveka mokweza m'bala, pa jukubokosi ndi pa wayilesi. Van Hemert ndi Souer ankadziwa zimenezi ngati mmene mmisiri wa matabwa amadziwira mbali imene thabwa lingang'ambikire.

Tsopano nkhani ya zidole ija. Inde, pa TopPop atsikanawo ankangoyendetsa milomo tepi ikulira. Koma pa pulogalamu imeneyo pafupifupi aliyense ankatero, ngakhale magulu a amuna a magitala amene palibe amawatcha zidole. Inde, sanalembe nyimboyo. Nanga oyimba angati otchuka amene timawalemekeza ankalemba okha nyimbo zawo? M'kwaya ya kumpingo kwanu, mayi amene amatsogolera nyimbo mpaka anthu kugwetsa misozi, mumamutcha chidole chifukwa nyimboyo anapeka ndi wina? Ndipo taonani Boney M, imene kwathu kuno palibe Khirisimasi imadutsa osaimva. Mawu aamuna a m'mbale zawo zotchuka anali a pulodyusa Frank Farian, osati a Bobby Farrell amene ankavina kutsogolo. Zimenezi n'zodziwika, koma sindinamvepo munthu akutaya mbale ya Boney M kudzala. Ku Luv' kunalibe chinyengo cha mtundu umenewo pa mawu otsogolera. Amene mukumumva ndi José, ndipo gululo litatha anaonetsa yekha kuti ndi woyimba: mu 1982 anakhala pa nambala 1 payekha ndi "I Will Follow Him".

Ndipo ntchito yoonekera ija si yamasewera. Singo ikagunda mayiko asanu nthawi imodzi, amene amakwera ndege m'mamawa kupita ku Bremen ku Germany, madzulo kujambulitsa zithunzi za magazini, usiku kukayimba m'holo, mawa kubwerera ku Hilversum, ndi atsikanawo, osati pulodyusa. Kuvina kofanana atatu, kumwetulira pa kamera ulendo wachisanu ndi chimodzi wojambula chinthu chomwecho, kuyankha atolankhani m'zinenero zitatu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Luv' linasenzedwa ndi anthu asanu. Kuchotsapo atatu n'kuwatcha zidole ndi kupanda chilungamo, ndipo ndinene mosabisa kuti mawu amenewa amagwera akazi kawirikawiri kuposa amuna.

Pamene pali dandaulo lenileni

Ngati mwana wanuyo akufuna chinthu choti akwiye nacho, ndimuonetse pamene pali bala. Ndi pa ndalama. Nyimbo ili ndi maumwini awiri: wa wolemba ndi wa chojambulidwacho. Olemba, apa Janschen & Janschens, ankalandira kudzera ku Buma, bungwe lotolera ndalama za olemba nyimbo, nyimbo ikaulutsidwa kapena kuyimbidwa pagulu, komanso ku bungwe linzake la Stemra pa mbale iliyonse yodindidwa. Woyimba ankangodalira gawo limene analemberana ndi kampani kapena pulodyusa pa mbale zogulidwa, ndipo m'gulu la atatu gawolo ligawidwenso patatu. Lamulo lopatsa oyimba ndalama nyimbo yawo ikalira pa wayilesi linabwera ku Netherlands mu 1993, pamodzi ndi bungwe lotolera ndalamazo la Sena. Ndiye kuti mu 1978, nyimboyi ikulira m'mawayilesi a kwawo tsiku lonse, amene mawu ake ankamvekawo sankalandira kanthu pa kuulutsako. Wina akaijambulanso, ngati mmene woyimba wotchedwa Loona anachitira mu 2000 ndi "Latino Lover" imene inagunda ku Germany, ndalama za ulembi zimapitanso kwa olemba. Mtsikana aliyense amene akulowa mu situdiyo ku Lilongwe kapena ku Blantyre lero afunse asanayimbe kuti dzina lake lilembedwa pati ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo kuno kwathu, ngati wolemba nawo kapena woyimba chabe, ndipo zimenezo zikhale papepala.

Gululo silinakhalitse. Pambuyo pa singo yanuyi kunabwera "Trojan Horse", imenenso inakhala nambala 1 kwawo, kenako "Casanova" mu 1979. Chaka chomwecho bungwe la Conamus linawapatsa mphoto ya oyimba amene agulitsa kwambiri nyimbo za dzikolo kunja, ndipo anasamuka ku Philips kupita ku makampani a CNR ndi Carrere. Mu 1980 Patty anachoka, m'malo mwake munalowa Ria Thielsch, ndipo mu 1981 gululo linatha. Linadzabwereranso kangapo m'zaka zotsatira, Marga ali msanamira yake. Koma khomo limene linatsegula silinatsekeke: magulu ena a atsikana a ku Netherlands, monga Dolly Dots, Maywood ndi Mai Tai, onse anadutsa pomwepo.

Nanga kambaleka kanafika bwanji m'sutikesi ya bambo anu? South Africa ndi limodzi mwa mayiko a kunja kwa Ulaya kumene Luv' inagulidwa bwino. Nyimbo za ku Netherlands zinkayenda kumeneko, Pussycat ndi "Mississippi" yawo anali atatsegula kale njira, ndipo Springbok Radio inali ndi Top 20 yake sabata iliyonse. Nthawinso ikugwirizana. Boma la Malawi linaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha amuna athu oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo kulemba anthu kunayambiranso mu 1977 pansi pa Theba. Amuna amene anapita nthawi imeneyo ankabwera ndi njinga, mabulangete, wayilesi, galamafoni ndi timbale ta nyimbo zimene zinkalira m'tauni.

Apa ndi pamene mfundo ya zidole imathera mphamvu kwa ine. Nyimboyi anaipangira kanema, nkhope zitatu ndi zovala zonyezimira. Koma kuno kwathu kunalibe wayilesi ya kanema mpaka 1999, ndipo zovala zoterozo lamulo la kavalidwe la 1973 silikanalola mkazi kuyenda nazo mumsewu wa Limbe. Timbale ta ku South Africa kawirikawiri tinkagulitsidwa m'kathumba kapepala ka kampani, kopanda chithunzi. Amene ankavina nyimboyi pabwalo la kumudzi pa Khirisimasi, galamafoni ya mabatire ili pa mpando, sankadziwa n'komwe kuti oyimbawo ndi atatu, ndi oyera kapena akuda, ndi okongola kapena ayi. Inawafika ndi makutu okha, n'kuwadzutsa pamkeka.

Za ndalama ndisakunamizeni, achemwali. Singo imene inadindidwa zikwi mazanamazana siikhala yodula, ndipo yokalikakalika ndiye mtengo wake ndi wochepa zedi. Ngati mukufuna kudziwa kuti yanuyo ndi ya kuti, werengani timalemba ta m'mphepete mwa kapepala kapakati, pamene pamalembedwa dziko limene inadindidwa, ndi nambala ya kampani. Nambala inanso yozokotedwa ili pamalo osalala pakati pa mzere womaliza ndi kapepalako. Mukalemba nambalazo pa Discogs, tsamba la pa intaneti la osonkhanitsa ndi ogulitsa mbale, muona mtundu wake ndi mitengo imene ena agulitsira. Yodindidwa ku South Africa imasowa ku Ulaya kuposa ya ku Germany, kotero osonkhanitsa mbale za Luv' angaifune, koma si ndalama yomangira nyumba.

Kuitsuka: madzi osungunula a m'botolo aja othira mu batire ya galimoto, osati a asidi, kapu imodzi, muthiremo dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale zodyera. Nyowetsani kansalu kofewa kopanda ubweya, pukutani mozungulira motsata mizere, osati modutsa, ndipo kapepala kapakati kasanyowe. Tsukuluzani ndi madzi omwewo opanda sopo, iume itaimirira pamthunzi. Osaiyanika padzuwa, imapindika ndipo siiwongokanso bwino. Osagwiritsa parafini, sipiriti kapena madzi a pachitsime, amene amasiya mchere m'mizere n'kumathetheka poimba. Muisunge choimirira m'kathumba katsopano, osati mounjika pansi pa zinthu zolemera.

Poiyimba onetsetsani kuti makina ali pa 45. Pa 33 José amveka ngati mwamuna wotopa. Ngati bowo lapakati ndi lalikulu, pamafunika kachidutswa kozungulira kolowetsa pamenepo, apo ayi mbale izungulira mopendama mawu n'kumakwera ndi kutsika. Chachikulu ndi singano. Ngati m'sutikesimo mulinso galamafoni ya bambo, musaiyese ndi singano yake yakaleyo, chifukwa singano yotha imadya mizere. Ndipo singano ikamadumpha musaike kandalama pamutu pake ngati mmene ankachitira kale. Kulemerako ndi kumene kunapha mbale zambiri za m'midzi. Pezani munthu amene ali ndi makina a singano yatsopano, yolemera magalamu awiri kapena atatu, ayijambulire pa foni kapena pa kompyuta ulendo woyamba womwewo, mbali zonse ziwiri, ndipo mwana wanu uja akhalepo.